Swichi Yoyandikira Shawa

Woyendera zamagetsi anafika kunyumba kwa a Owen ku Scarborough Lolemba m'mawa, patangopita masiku atatu chiikireni maliro a akazi awo, a Zelipa. Tsikulo anapangana kalekale, ndipo a Owen anaiwala kumuimbira foni kuti asabwere.

Anamulowetsa kubafa. Munali swichi yatsopano yomwe a Owen anaiika okha, m'munsi, pafupi ndi shawa, kuti a Zelipa aziifikira ali panjinga yawo ya olumala.

Munthuyo anatambasula tepi, nayeza, kenako anapukusa mutu.

"Yayandikira shawa kwambiri, bambo. Lamulo limafuna italikirane ndi shawa mita yathunthu. Munthu ataigwira ali wonyowa, magetsi angamuphe. Amasamba muno ndani?"

"Akazi anga."

A Owen ankangoyang'ana thaulo lobiriwira lomwe linali likadali pachitsulo, louma gwaa. Anaima opanda nsapato pamatailosi, koma kuzizira sankakumva.

Woyenderayo anatulutsa pensulo, nachonga pakhoma chapafupi ndi chitseko.

"Muisunthire apa, ndidzabweranso sabata yamawa. Pakadali pano muwauze mayiwo asamaikhudze ndi manja onyowa."

"Chabwino," anatero a Owen. "Ndiwauza."