Nkhuku yovina ya a Evaristo

Nkhuku inali pakati povina pakhomo pa shopu pomwe a Evaristo anaona galimoto ya mwana wawo ikuima kutsidya kwa msewu. Mpeni unatsala pang'ono kuwapulumuka m'manja.

Kuno mumzinda wa Hermosillo shopu yatsopano yopanda chidole chovina pakhomo anthu amangoidutsa. Nchifukwa chake tsiku lotsegulira malo awo ootchera nkhuku, a Evaristo anaveka Lencho, wantchito wawo wakalekale, chinkhuku chachikasu cha mchira wautali. Ana anali atachizungulira, makolo ali pamzere. Aliyense anali wosangalala, kupatula eni shopu.

Vuto linali lakuti Yaretzi, mwana wawo mmodzi yekhayo, ntchito yake ndi imeneyi. Amasoka pamanja zovala zaubweya za nyama, zija amavala anyamata ndi atsikana okonda kusanduka mimbulu ndi nkhandwe pa misonkhano yawo. A Evaristo anali atamulonjeza pamaso pa abale onse kuti nkhuku ya shopu adzasoka ndi iye. Koma atatchula mtengo, mapeso zikwi makumi atatu, khofi anawatsamwa.

"Ubweya wokha ngodula, Ababa," anatero Yaretzi tsiku limenelo. "Zakufakitale zija munthu amapsa ali moyo m'katimo."

Iwo anangogwedeza mutu. Patapita masiku, mnzawo Nicanor wa kumsika anawanong'oneza kuti ku fakitale ina ya ku likulu nkhuku yotere ndi zikwi zinayi basi. A Evaristo analipira mwakachetechete. Kwa mwana anakanena bodza lakuti ndalama zathera uvuni, zachidole aziona chaka chamawa. Chinenereni bodzalo, foni ya Yaretzi ikalira ankaiyang'ana mpaka isiye yokha.

Ndiye uyu wabwera, ndipo chinkhuku chikugwedeza matako pamaso pake penipeni.

Yaretzi analowa, nawapsompsona patsaya. "Mwatsegula bwino, Ababa." Maso ake anali pa nkhuku.

Apa mpomwe munthu wanzeru akanati pepa mwanangu, nkhani nkuthera pomwepo. Mawuwo analipo ndithu, anafika mpaka pa lilime. Koma azakhali ake a mtsikanayo anali pomwepo akuyala matortiya, zigumu zopyapyala za chimanga, makutu ali tcheru, ndipo a Evaristo ndi amuna aja akachita manyazi amayamba kukuwa.

"Usandiyang'ane choncho iwe! Inde ndagula kwina. Taona ubweyawo. Taona masowo, ngati yamoyo. Taona mmene yamukhalira Lencho, ungati anabadwa nayo. Zikwi zinayi basi! Nanga iwe ndi mitengo yako yakuba ija? Ngakhale bambo ako omwe ufuna kuwameta? Pita ukaphunzire kwa anzako a ku fakitale mmene amasokera!"

Ena pamzere anaseka. Azakhali anazyolika, manja ali pa matortiya.

Yaretzi anatuluka, nazungulira nkhuku ija pang'onopang'ono. Anagwira phiko, nawongola nthenga imodzi yomwe mwana wina anaipinda. Atabwerera pa kauntala nkhope yake inali yofiira, koma mawu ake anali ofatsa.

"Yasokedwa bwino, Ababa. Mwagula bwino."

Anapempha theka la nkhuku yootcha, nalipira ngati kasitomala wina aliyense, nkumapita.

Galimoto itangokhota, ukali wonse unawathera a Evaristo ngati tayala lophwa. Mayo ine, ndachitanji? Anathamangira panja ali chigwirire mpeni, koma anangopeza fumbi. Anayesa foni, sinayankhidwe. Anabwerera pa uvuni, napsereza nkhuku zomwe zinali pamoto, nalalatira makala. Mtima unkawawawa kwambiri. Analanda mwana wawo ntchito nkupatsa anthu osawadziwa, ananama, kenako anamutcha wakuba pagulu. Zonsezi anachita ndi iwo, panalibe wina woti amuloze chala.

Dzuwa litafika pamutu, Lencho analowa kuchipinda chakumbuyo. Mutu wa chidole suvulidwa pamaso pa ana, choncho anatseka kaye chitseko, kenako anauvula nkuyamba kugugudiza madzi. Anapeza bwana wake atakhala pa thumba la makala, manja ali kumutu.

"Bwana, kwagwanji? Malonda akuyenda chonchi inu mukulira maliro?"

"Unamva zomwe ndamunena mwana uja?"

Lencho anayang'ana pansi. "Msewu wonse wamva, bwana."

"Ndine galu, Lencho. Galu weniweni. Mayi ake akanakhala moyo akanandithira mafuta otentha." Anapukuta m'maso ndi epuloni. "Vula chinthu chimenechi. Sindifuna kuchionanso. Mawa ndikamutulira Nicanor, abweze ku fakitale kwakeko, ndalama adye. Ndikagwada kwa Yaretzi, asoke yake, pa mtengo wake womwe uja. Ngakhale ndigulitse uvuni."

Lencho anaika botolo pansi. Anakanda m'mutu, nayang'ana kuchitseko, nayang'ananso bwana wake.

"Anandilumbiritsa kuti ndisanene, komatu apa zafika poipa. Mukabweza ku fakitale iti, bwana? Ku fakitale sayeza munthu. Ine Yaretzi anandikulunga tepi kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, nditaima njo ngati mtengo, kuti apeze muyeso wa thupi langa. A Nicanor anangonyamula katoni. Nkhuku mwamutukwanirayi wasoka ndi iyeyo."