Phiko la Kumanzere

Phiko latsopanolo linkakana kulowa m'thupi la ndege yachidole yakale. Mtsikanayo analichotsanso, n'kulipala m'mbali ndi lezala, kenako n'kulikwecha ndi sandipepala mpaka fumbi loyera la pulasitiki litamumatirira m'zala. Atayesanso, linalowa. Anadontheza guluu ndi kamtengo ka machesi, n'kugwira phikolo osagwedezeka.

Patebulo panali nyuzipepala yoyala, timabotolo ta penti, bulashi yowonda ngati nsidze, ndi bokosi latsopano la ndege yomanga wekha. M'bokosimo tizidutswa tonse tinali tikadali pa mafelemu ake. Iye anangodulapo phiko la kumanzere ndi kateyala kamodzi. Zinazo analibe nazo ntchito.

Kuchipinda kunamveka supuni ikugwa pansi. Kenako kapu ya pulasitiki. Kenako kulira kuja, kotsika, kosatha, ngati kwa mpopi wosatsekeka bwino. Mtsikanayo sanatembenuke. Kulirako anali atakuzolowera ngati phokoso la filiji.

Azakhali ake anatulukira pakhomo atanyamula mbale, chakudya chili mbuu pa bulauzi.

"Amisiri, kodi ndegeyo inyamuka chaka chino?" anatero. "Kaputeni wako uja walavulanso. Akuti sadya mpaka ndege yake ibwere."

"Guluu aume kaye."

"Aume kaye! Anthu akuuma ndi njala, iwe uli pa guluu. Akapanda kudya lero ndiye basi, mawa tipita naye kuchipatala akamuike machubu. Ine ndatopa."

Mtsikanayo sanawakumbutse kuti amene anaponda ndegeyo posesa anali iwo omwe.

Dzina la Kaputeni linabwera chifukwa cha ndege yomweyo. Kugona, nayo. Kusamba, iikidwe pa zenera pooneka. Pa nthawi ya chakudya inkayenera kuima pafupi ndi mbale, mphuno italoza kukhomo, apo ayi pakamwa sipatseguka. Chitseko cha kumsewu ankachikhoma masana onse, chifukwa ndege yeniyeni ikangolira kumwamba, Kaputeni ankaitsatira osayang'ana galimoto.

Tsiku limene phikolo linaphwanyika, mtsikanayo anathamangira kusitolo ya zidole. Wogulitsa anamuseka. "Mukuvutikiranji ndi chakale? Mangani yatsopano, sangazindikire." Anamangadi yatsopano, yosalala, yopentedwa ndendende ngati pa chithunzi. Kaputeni anangoitembenuza kamodzi, kuyang'ana kunsi kwa phiko, n'kuiponya kukhoma. Choncho anagulanso bokosi lina, ili la patebuloli, kuti achotsemo zofunika zokha.

Guluu atagwira, anamata kateyala, n'kukulunga selotepi pa thupi la ndege kuti penti watsopano asakhudze wakale. Pepala la malangizo linkati kunsi kwa mapiko kukhale kobiriwira ngati thambo. Iye analikankhira kumbali n'kutsegula botolo la penti wachikasu.

Zidutswa za phiko lakale zinali mu sosala. Kunsi kwake kunali kwachikasu, penti wake wokhuthala, wopakidwa mosasamala, mizere ya bulashi ikupita uku ndi uku. Chakunsonga kunali chidindo cha kachala kakang'ono, ka mwana amene analephera kudikira kuti penti aume.

Anasakaniza pentiyo pa chitsekero cha botolo. Wachikasu yekha ankawala kwambiri. Anathiramo kadontho ka wofiirira, kenako ka wotuwa, akuyerekeza ndi chidutswa chakale mpaka mitunduyo itafanana. Kupenta bwino ankakudziwa. Kupenta moipa ndiye kunali kovuta. Dzanja linkafuna kuwongola mizere, iye n'kumalikakamiza kukhota. Anasiya dala penti wina atadontha m'mphepete.

Sankamva chisoni. Sankamvanso changu. Ankangoona bulashi ikupita, ikubwera, ngati dzanjalo ndi la munthu wina.

Kenako anadikira. Penti akakhala wamadzi chidindo chimafufutika, akauma sichilowa. Anamuyesa pa nyuzipepala mpaka atayamba kunata. Anayang'ana chala chake chachikulu, n'kuona kuti n'chachikulu zedi. Anasankha chaching'ono chakumapeto, n'kudinda ndi nsonga yokha, mopendekeka pang'ono, monga zinalili pa chidutswa chija.

"Ndiye wawononganso?" anatero azakhali, akusuzumira paphewa pake. "Ntchito yonse ija n'kupaka zala! Mitu ya m'nyumba muno ndi imodzi."

"Ndi mmene inalili."

Dzuwa la pa zenera linaumitsa pentiyo msanga. Anamatula selotepi pang'onopang'ono, n'kupukuta phikolo ndi kansalu kothimbirira kuti lisaoneke latsopano. Anatenga mbale ina ya chakudya ndi supuni yoyera, ndege ili m'dzanja linalo.

Kuchipinda kulira kunali kutasanduka kung'ung'udza. Pansi panali chakudya chotayika, kapu itagubuduzikira kunsi kwa bedi. Kaputeni anali atakhala pakona, atafunda bulangete mpaka kumutu, nkhope italoza kukhoma.

Mtsikanayo anaika mbale pa mpando. Anagwada.

"Bambo, ndege yanu ija."

M'bulangetemo munatuluka manja amakwinya. Anatembenuza ndegeyo, n'kusisita chidindo chija ndi chala.

"Eya, ndi yomweyi. Aka n'kachala ka mwana wanga, anapenta yekha." Anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu. "Inu mayi, mukakamuona mukamuuze kuti ndikumudikira."

"Ndikamuuza," anatero mtsikanayo, akubisa chala chachikasu kuseri kwa supuni. "Yasamulani."