Masamu a Lucinda Kuseri kwa Chitseko

Panali munthu wina ku Domwe, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, dzina lawo a Ambrósio. Amene anandiuza nkhaniyi anaphunzira m'kalasi mwawo, ndipo akuti si nthano ayi. Zinayamba m'chaka cha 1968, Apwitikizi asanachoke.

Aprofesori amenewa, monga ankawatchulira aphunzitsi pa Chipwitikizi, anali ndi kachitidwe kawo. Dzuwa likapendeka, anyamata ankatsala m'kalasi kuchita masamu, atsikana n'kupatsidwa makasu kukapalira kachewere m'munda wa sukulu. Ankati masamu amaumitsa mutu wa mkazi. Bodza lenileni, abale!

M'kalasi lachinayi, lija ankati kwarta, munali mwana wawo wobereka okha, Lucinda, wa zaka khumi ndi zinayi. Kumundako iye ankasankha mzere woyandikana ndi zenera la kalasi, khasu m'manja, khutu kwa bambo ake. Anyamata akasowa chonena, yankho linkachokera panja.

"Tambala wovala nsalu uja walira!" ankatero pomuseka Damião, mwana wa mlongo wawo wa aprofesori. "Adzakukwatira ndani iwe?"

Anyamata onse gwedegwede ndi phwete. Lucinda ankangoweramira khasu lake.

Inafika nthawi ya ezame, mayeso aakulu a ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulongwe. Wokhoza ankalandira pepala n'kupitiriza maphunziro. Sukuluyo inaloledwa kutumiza ana asanu. Pa mayeso osankhira, Lucinda anaposa onse, Damião anali wachisanu ndi chimodzi. Aprofesori anatenga lapisi, pensulo yawo yofiira, n'kudula dzina la Lucinda, n'kulembapo la Damião.

Akazi awo, a Leonor, atamva anawatsatira pakhonde.

"Bambo a Lucinda, mwatani? Wakhoza ndi mwanayu."

"Damião ndi wa mbumba yanga. Mlongo wanga ndikamuyang'ana ndi maso ati? Komanso ndi mwamuna. Wamkazi pepala lake ndi banja."

"Mudzalira nazo izi."

Lucinda anagwada. "Ababa, ingondiyesani. Ndikalephera sindidzapemphanso."

"Dzuka ukatunge madzi."

Damião anapita, n'kulephera. Pobwera anataya pepala la mafunso pabwalo, Lucinda analitola posesa. Palibe anasamala.

Chaka chotsatira masisitere a ku mishoni anazungulira m'masukulu kufuna atsikana okhala ndi pepala la kwarta, kuti akaphunzire uzamba n'kubwerera kudzathandiza kwawo. Pasukulu ya a Ambrósio sanapezepo ngakhale mmodzi. A Leonor anangoti, "Mwaona?" Apo n'kuti Lucinda atakwatiwa kale. Mwamuna wake anamanga kanyumba ka chikamwini kuseri kwa nyumba ya apongozi, ndipo aprofesori anawapatsa chitseko cha matabwa.

Mvula ya 1970 ili pakati, Lucinda anayamba kumva matenda a uchembere. Masiku awiri amayi a m'mudzi anayesetsa, osatheka. Mzamba wophunzira panalibe m'dera lonselo. Anamunyamula pamachira kuti athamangire kuchipatala, koma anapeza mtsinje utasefukira. Anamutula pagombe kudikira kuti madzi aphwe, dzuwa lili pamutu. Kalanga ine! Anatsirizikira pomwepo, mutu uli pamiyendo ya mayi ake, pamodzi ndi mwana wosabadwayo. Anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi.

Maliro atatha, linafika tsiku logwetsa nyumba ya malemu monga mwa mwambo. Damião ndiye anazula chitseko. Atachitembenuza anaona zodabwitsa. Kuseri konse kunali manambala olembedwa ndi khala, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamng'alu wa thabwa panali pepala lopindidwa, lakuda ndi utsi.

"Amalume, bwerani mudzaone," anatero Damião. "Awa ndi mafunso a ezame aja. Ine ndinakhoza awiri okha."

Mwamuna wa malemu anati, "Ankalemba ndikapita kumunda. Ankati tsiku lina ababa akadzalowa muno adzaona."

Koma bambo salowa m'nyumba ya mwana wake wamkazi wokwatiwa. Chitseko anachipereka okha, kuseri kwake sanakuonepo.

A Ambrósio anakhala pansi m'matope momwemo. Anatulutsa m'thumba lapisi yofiira yomwe ija, n'kuyamba kuchonga. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Mafunso anali khumi. Onse khumi anakhoza.

"Wakhoza, mwana wanga," analira ngati kamwana. "Lucinda, wakhoza!"

A Leonor anawayang'ana, maso atauma kale ndi kulira.

"Mukuuza ndani?"

Akuti chitsekocho anachisenza okha mpaka kusukulu, n'kuchiimika kutsogolo kwa kalasi. Kuchokera tsiku limenelo makasu ankagwira onse, masamu ankachita onse. Koma pa zenera lija ankayankhirapo Lucinda aprofesori sankatha kuyang'anapo.

Phunziro: Nzeru sizisankha kuti uyu ndi mnyamata, uyu ndi mtsikana. Inu makolo ndi aphunzitsi, musadule dzina la mwana chifukwa ndi wamkazi. Inu anyamata a m'kalasi, lekani kuseka mtsikana wokhoza, mwina ndi amene adzapulumutse mlongo wanu. Muuzeni mwana kuti wakhoza akadali ndi makutu omvera. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene ali ndi ana aakazi kusukulu.