Mbali A Ili M'ndowa

"Mabowo a pazitsulozi ali pamalo pake kapena ayi?" anafunsa Callum.

"Ndidziwa bwanji?" anayankha Narelle, woyeza zitsulo pafakitale ina ku Mackay. "Pulani yako ikuti ndiziyeza kuyambira pa mbali A, bowo lisaphonye kuposa makulidwe a tsitsi limodzi. Mbali A-yo ili kuti?"

Callum, injiniya wongochoka kumene kuyunivesite, anatembenuza chimodzi mwa zitsulozo kawiri. Lole ya kumgodi inkadikira panja, ndipo Narelle akapanda kusaina, zitsulo zonse makumi anayi zinali zotaya.

"Ili umu, a injiniya," anatero Stavros woyendetsa makina, akukankha ndi phazi ndowa ya nyenyeswa zachitsulo. "Patsamba lachiwiri la pulani munalemba nokha kuti mbaliyo ndiipale yonse pomaliza."

Narelle anawerama n'kutola kanyenyeswa kamodzi kopotana.

"Ndiyambire kuyeza pa aka?"