Mbale ya Tchipisi Kuseri kwa Kauntala

Woperekera zakudya anatsitsa mbale patebulo la pakona, nkhope ili ndwii. Mayi wina wonenepa yemwe anakhala pamenepo anangodziitanitsira tiyi. Kamtsikana komwe anabwera nako anakaitanitsira masamba owiritsa ndi kachidutswa ka nsomba kopanda ngakhale dontho la mafuta.

Kamwanako kanali mafupa okhaokha. Masaya olowa, mitsempha yoonekera m'mikono, mimba yokha ndiyo inatuluka. Kanameza chakudyacho ngati kakuthamangitsidwa, kenako kanatambasula dzanja kufuna tchipisi chomwe ena anasiya patebulo loyandikana. Mayiyo anakamenya padzanja, phwa!

"Ndati ayi!"

Woperekera zakudya anatsonya, n'kulowa kukhitchini.

"Achimwene, tasuzumirani muone mfiti ya masana," anauza wophika. "Mwiniwake khosi lachita kupinda katatu, mwana ngati mtengo wa tsache. Ameneyu ndi mayi womupeza, palibenso chofunsa."

"Si zako zimenezo," anayankha wophika, maso ali pachiwaya.

"Tiyi yekhayo akufuna kunamiza ndani? Thupi lonselo linabwera ndi mphepo?"

Foni ya mayi uja inalira ndipo anatuluka kukayankhira panja. Woperekera zakudya sanachedwe. Anadzaza mbale ndi tchipisi, pamwamba n'kusanjikapo masoseji awiri ochucha mafuta, n'kukodola kamtsikana kaja kuti kabwere kuseri kwa kauntala.

"Idya msanga, mwanawe, chimvuu chako chisanabwere."

Kamwanako kanayang'ana kukhomo kamodzi kokha. Kanadya ndi manja onse awiri mpaka kunyambita mbale. Woperekera zakudya anaima pambali atagwira m'chiuno, akudikira kuti mwini nkhanza abwere amuuze zoti akasimbe kwawo.

Mayiyo atalowa anaona milomo ya mwana ikunyezimira. Sanakalipe. Foni inamupulumuka n'kugwa pansi. Anagwada, n'kugwira kamtsikanako m'mapewa.

"Mwanangu, wadya zochuluka bwanji?"

"Wadya n'kukhuta," anayankha woperekera zakudya mokweza kuti onse amve. "Poti kwanuko chakudya chimathera pa inu."

Mayiyo ananyamula mwana uja, n'kukuwira mlonda wa pamalopo kuti aimitse galimoto iliyonse yolowera kuchipatala. Pakhomo anatembenukira woperekera zakudya uja, misozi ili mbwembwembwe.

"Achemwali, mwanayu anabadwa ndi thupi losasunga mafuta pansi pa khungu. Onse amathamangira m'magazi ndi m'chiwindi. Mkulu wake tinamuika m'manda chaka chatha chifukwa cha mbale ngati imeneyo."