Galimoto ya Lolemba

Mayi Annelies Dierckx anali asanavule n'komwe jekete pamene kapu inasweka pakhoma, pafupi ndi khutu lawo.

"Tuluka m'nyumba mwanga, wakuba iwe!" inakuwa nkhalamba imene inakhala pampando wa pawindo, itavala malaya mopidikula.

Nkhalamba inayo, imene inawatsegulira chitseko, inangotenga tsache n'kuyamba kusesa. Inali itavala epuloni, makiyi ali lendelende m'khosi. Pakhomo paja mayiwo atafunsa kuti, "Ndinu Bambo Geudens?" yankho limene analandira linali loti, "Pukutani nsapato."

M'tauni muno odwala maganizo takhala tikuwasunga m'makomo mwathu kuyambira nthawi ya makolo. Amadya nafe, amasenda nafe mbatatesi, ndipo dzina la matenda awo sitifunsa. Kale kunkabwera namwino wa panjinga, wodziwa aliyense mpaka galu wa pakhomo. Koma boma litati likonze zinthu, linachotsa namwinoyo n'kuyamba kutumiza oyendera ochokera ku Brussels, anthu odziwa malamulo onse koma osadziwa nkhope ngakhale imodzi. Lamulo latsopanolo n'losavuta: wodwala akamukulira womusunga, abwerere kuchipatala, womusungayo akafooka, nyumba itsekedwe.

Panyumba ya Staf Geudens pankasungidwa Remi Ooms kwa zaka makumi atatu. Tsiku limenelo Mayi Dierckx ndiwo anali oti agamule ngati Remi akhalebe kapena achoke.

Wa epuloni uja anawathirira khofi wozizira, shuga osawapatsa. Chitini cha mabisiketi anachikankhira kutali, iwo akuona. Kenako anapita pawindo, napukuta mnzakeyo dovu pachibwano n'kumumanga mabatani. Potembenuka anameza kapilitsi koyera.

"Ka mtima?" anafunsa mayiwo.

"Kanga," anatero.

Mayi Dierckx sanadandaule. Anazolowera kudedwa, ndipo mumtima ankati odana nawo ndi anthu osaphunzira. Anazungulira m'khitchinimo maso ali tcheru. Mipeni inali yokiyiridwa. Chotsegulira gasi pambaula chinali chitazulidwa, ndipo anachiona chikutukumula thumba la epuloni. Pakhoma panali chithunzi chakale cha ukwati.

"Akazi anu?"

"Ndi Mariette. Anamwalira chaka chatha."

"Pepani kwambiri. Ndiye mtolo wonsewu mukusenza nokha." Analoza pawindo ndi chibwano. "Amachita chonchi masiku onse?"

"Akaona alendo osaitanidwa."

"Ndipo amati nyumbayi ndi yake?"

"Amatero."

Mayiwo anagwedeza mutu mokhutira. Zimenezi anaziwerenga kusukulu. Anakagwada pafupi ndi mpando uja, nayankhula ndi mawu aja amene anthu a boma amasungira ana ndi odwala.

"Bambo Ooms, mukupeza bwanji lero?"

"Ooms ndi amako!" inatero nkhalambayo, malovu n'kugwera pakolala ya jekete. "Wakutuma ndani? Ukufuna nkhunda zanga? Ndikuswa mutu ine!"

Mayiwo anadzuka mofulumira, nkhope ili psu, akupukuta kolala. Munthu wosadziwa ndi dzina lake lomwe, woponya makapu, woopseza wogwira ntchito ya boma! Ndipo namwino wa panjinga uja ankaona zonsezi n'kumangomwa khofi. Mkwiyo unawakwera, ndipo pansi pa mkwiyowo panali kachisangalalo kakuti ulendo sunapite pachabe.

"Bambo, mwayesetsa," anatero akuyang'ana wa epuloni. "Nyumba ndi yaukhondo, chisamaliro n'chabwino, ndayenda m'makomo ambiri koma chotere sindinachione. Koma munthu uyu wakukulirani. Lolemba kubwera galimoto kudzatenga Remi Ooms."

Tsache linagwa.

"Zaka zonsezi sanapwetekepo munthu," anatero wa epuloni. Kanali koyamba kuwayang'ana mayiwo m'maso. "Kuchipatalako anakhalako ali mnyamata. Amagonabe chitseko chili chotsegula chifukwa cha kumeneko."

"Kunasintha. Tinakonza."

"Mmene mwakonzera kuno?"

"Sindinabwere kudzakangana nanu. Lipoti lapita kale ku ofesi." Anaonetsa foni yawo n'kuibweza m'chikwama.

Nkhalambayo inafinya epuloni. "Nanga mukanapeza kuti wofooka ndi mwini nyumba?"

Mayi Dierckx anaseka pang'ono. Okalamba a kuno, kudzikayikira! "Tikanatenga onse awiri, wina kuchipatala, wina kunyumba ya okalamba, khomo lino n'kukhoma. Koma inu musade nkhawa. Muli ndi mphamvu zanu, mutu ukuyenda bwino. Mwina tikupatsani wina wofatsa."

Nkhalambayo inayang'ana pawindo, pamene mnzake anali kuitana nkhunda imene inatera panja, akuitchula dzina. Kenako inakatsegula chitseko.

"Njira mwaiona," inatero.

Mayiwo anatambasula dzanja, koma silinalandiridwe. Chitseko chinamenyedwa mpaka chithunzi cha ukwati chija chinapendekera.

M'khitchini munati zii. Wa pawindo uja anali ataiwala kale kuti kunabwera munthu. Anatembenuka, maso ali ofatsa ngati a mwana.

"Remi, Mariette wachedwa bwanji kumsika?"

"Abwera, a Staf, abwera," anatero Remi Ooms. Anatulutsa chotsegulira gasi chija m'thumba la epuloni n'kumachiyang'ana, osadziwa kuti Lolemba adzachisiyira ndani.