Chitenje Chofiira cha Nachisale

Chibwerereni lamulo latsopano, sukulu yogonera komweko ya ana osaona imangolandira okhawo amene makina awapeza kuti saona kalikonse. Wotsala ndi kakuwala m'maso amabwezedwa kumudzi, komwe kulibe ngakhale buku limodzi lowerenga ndi zala.

Mwandida, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankaona chinthu chimodzi chokha: chofiira. N'chifukwa chake amayi ake, Nachisale, ankavala chitenje chofiira tsiku lililonse, kuti mwana aziwapeza kudimba.

Sabata yonse asanapite koyezedwa anakhalira kuyeserera kunamiza makinawo, Nachisale akuyendetsa tomato wakupsa pamaso pake.

"Wamutsatiranso! Maso akowo aziuma gwa, wamva?"

"Ndiye kuti ndiphunzire mpaka ndiname, amayi? Chilungamo chake n'chiti?"

"Za chilungamozo ukafunse utaphunzira. Tiye, tiyambirenso."

Tsiku loyezedwa, Mwandida anakhala kutsogolo kwa makinawo. Nyali zinayaka, zofiira zomwe, iye osagwedeza diso. Koma Nachisale mtima unamukanika kudikira panja. Anasuzumira pakhomo, ali m'chitenje chake cha masiku onse, ndipo maso a mwana anathamangira okha komweko.

"Amaona," anatero makinawo. "Alowe wotsatira."

Pobwerera, sutikesi ili pamutu, Nachisale anatsogola mpaka pamlatho. Pamenepo Mwandida anawamva akukoka chitenje chija mwaukali.

"Tikangofika ndikachiotcha chimenechi."

Mwandida anafufuza nsonga yake, n'kuigwira zolimba.

"Musayerekeze, amayi. Sukulu andilanda kale. Mufuna ndisiye kukuonaninso inu?"